Kabelu ka Kapitawo ndi Nkhunda za Malume

M'kabati yanga, m'chitini cha mabatani ndi mapini, muli kabelu ka mkuwa kochepa ngati mtedza wosasenda, kolendewera pa katcheni ka mphete zitatu. Adzukulu anga akakapeza amakaliza m'makutu mwanga n'kumafunsa kuti ndi mbuzi yanji inali yaing'ono chotere. Ndimawayankha kuti kanali ka mbalame, kenaka ndimawatuma madzi akumwa. Nkhani yake yonse si youza ana amene Lamlungu lililonse umawaphunzitsa kukhululukira adani awo.

Chinali chaka chimene amwenye a masitolo pa Boma pa Ntcheu anauzidwa kuti asamukire m'mizinda. Ine ndinali mtsikana wa Sitandade 5, wa miyendo yotuwa ndi mwano wobisa. Bambo anali atalowera ku Halale ndipo makalata awo anali atasiya kubwera, choncho amayi ankachapa ndi kusita kunyumba ya kuseri kwa sitolo ina ya nsalu. Loweruka ndinkapita nawo, ati kukawathandiza kuyanika, koma zoona zake ndinkangokaima pakhonde la kuseri, kukamwa kuli yasa, kuyang'ana mbalame ziwiri za m'kakhola ka waya. Mayi a pasitolopo ankazitchula kuti kokatiyo. Zinali zocheperapo kuposa nkhunda, zotuwa ngati phulusa, za mchira wautali, tsumba lili njo pamutu, ndipo pa tsaya lililonse panali kadontho kofiirira ngati wina wazipaka ndi chala. Yaimuna inali ya nkhope yachikasu ndipo sinkatseka pakamwa. Yaikazi inali yofatsa, yoyang'ana munthu cham'mbali.

Tsiku losamuka, lole itadzaza mpaka matiresi kumangidwa pamwamba, bambo a pasitolo anakana kwamtuwagalu kutenga mbalame, ati ku Limbe akukakhala m'tizipinda ta pamwamba pa sitolo. Mayi aja anandiitana maso atafiira. Anandipatsa kakhola, kabelu kaja kakulendewera m'katimo, kapaketi ka mbewu ndi kabuku kachingerezi kopanda chikuto, kenaka anawerenga malamulo pa zala zanga, osati zawo. Madzi atsopano m'mawa uliwonse. Peyala ayi, ndi poizoni. Mchere ayi. Utsi ayi. Atafika pa chala chaching'ono anachifinya mpaka ndinamva kuwawa.

"Ndipo chitseko, mwana wanga. Izi zikatuluka sizidziwa njira yobwerera."

Ndinasenza kakholako kukwera msewu wolowera ku Nzama mpaka kumudzi kwathu, ana a m'njira ali m'mbuyo mwanga, ine osacheuka ngati mkazi wa bwana. Ndisanafike n'komwe maina anali atapezeka. Yaimuna ndinaitcha Kapitawo chifukwa cha kulamula kwake, yaikazi Namasaya.

Kabuku kaja ndinapita nako kwa aphunzitsi athu, munthu wowonda wa jekete limodzi limene ankalisita mpaka kunyezimira m'zigongono. Anzanga ataweruka anandikhazika pa desiki ya kutsogolo, n'kumayendetsa lula pansi pa mzere uliwonse uku akutembenuza mawuwo kuti akhale a kwathu. Mbewu zimene azungu analemba, iwo anati ndi mawere ndi mapira basi, ndisataye nthawi kukazifuna kusitolo. Mpendadzuwa ndizipereka njere zowerengeka ngati switi, chifukwa umanenepetsa ndipo mbalame ikauzolowera imakana zina zonse. Masamba tsiku lililonse, chisoso, bonongwe kapena kachidutswa ka karoti, zotsukatsuka, ndipo zikafota ndizizichotsa. Zigoba za mazira ophika ndiziyanika n'kuzisinja, makamaka chifukwa cha yaikaziyo. Timitengo toterapo tikhale tosiyana kukula kuti zala zisatope. Tiyi, anyezi ndi chilichonse chokazinga, ndisayerekeze.

Cha kumapeto kwa kabukuko anafika pamene panalembedwa kuti pansi pa kakhola uziyala nyuzipepala n'kumasintha kawirikawiri. Apa anasiya kuwerenga, anasuzumira pawindo, n'kutsitsa mawu. Ananditsina khutu kuti pepala lililonse ndiziyamba ndalitembenuza mbali zonse ziwiri, ndipo ndikaona chithunzi cha mwini dziko, ngakhale dzina lake lokha, ndilibweze kumene ndalitenga. "Mbalame sidziwa ndale," anatero, "koma amene angaone zitosi zake amazidziwa." Kuyambira tsikulo ndinkayala mchenga wa kumtsinje, ndipo mpaka lero nyuzipepala sindikulungira nayo kanthu ndisanaitembenuze.

Cholakwa choyamba ndinachichita ndine, ndipo ndichinene kuti musati ndikudziyeretsa. Sabata yachiwiri ndinaona kambale ka mbewu kali kodzaza ndithu, ndiye masiku awiri sindinaonjezere kanthu, n'kumadzitama kuti mbalame zanga n'zosawononga chakudya. Kapitawo anasiya kuimba. Namasaya anatsikira pansi n'kumatokosa mchenga. Nditatulutsa kambaleko panja mphepo inauzira, ndipo zonse zinauluka, anali mankhusu okhaokha. Kokatiyo amasenda njere n'kusiya khoko momwemo, ndiye mbale imaoneka yodzaza pamene mwini wake akufa ndi njala. Ndinalira, ndinapepesa mbalame ngati anthu, ndipo kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkauzira kambaleko ndisanasukusule n'komwe. Ine ndinalakwa n'kuphunzira. Alipo ena m'nkhani ino amene sanatero.

Chisanu cha kwathu mukuchidziwa, chija chimang'amba milomo ndi zidendene. Amayi ankafuna kuti kakhola kazikhala kukhitchini kofunda, ine n'kumakana chifukwa cha utsi, mpaka anagonja n'kundipatsa chitenje chawo chakale choti ndizifunditsa dzuwa likamalowa. Masana kukatentherako ndinkaviika kanthambi m'madzi n'kumaziwaza, izo zitatambasula mapiko. Ndinaphunzira kuwerenga tsumba. Likaima njo, zadzidzimuka. Likagona n'kumatirira pamutu, chotsa chala usanalumidwe. Likakhala pakatikati, mtima uli m'malo. Kapitawo anatola kamluzu kamene ndinkaimba pochokera kusukulu, ndipo ndikangotulukira pa mpanda ankandiyankha n'kumagwedeza kabelu kaja ndi mlomo mpaka nditamupatsa njere ya mpendadzuwa. Pakhomo pamene bambo anasiya kulemberapo kalata, zinali zokoma kukhala ndi wina wokudikirira.

Nyumba yathu inali kuseri kwa nyumba ya malume, mlongo wawo wa amayi, ndipo munda umene tinkalima anatigawira ndi iwo. Anali munthu wa thupi, wa mawu a pakhosi, wa baji pa kolala. Tsiku la msika ankaima pachipata kufunsa makadi a chipani, ndipo anthu ankawavulira chipewa akadali patali, osati chifukwa chowakonda. Koma chimene ankanyadira kuposa baji chinali nkhunda. Khola lawo linali pakati pa bwalo, pa mizati inayi yaitali, lofoleredwa bwino kuposa nyumba yathu, la makwerero akeake. Madzulo aliwonse ankagogoda mbale ya chimanga ndi chala, nkhunda n'kutsika kuchokera mbali zonse, iwo n'kumaziwerenga mokweza kuti mudzi wonse umve. Zinalipo makumi atatu ndi zinayi.

Kwathu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, banja likamamenyana zimasamuka zokha. Malume mawu amenewa ankawakonda ngati anawapeka ndi iwo. Akazi awo, amene ife tinkawatchula kuti azakhali, anawatenga chitengwa kuchokera kuchigwa, cha ku Sharpevale, ndipo anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda kutsitsira mpango mpaka m'maso. Ankavulala kawirikawiri: lero agwa kuchitsime, mawa awombedwa ndi chitseko. Amayi a m'mudzi ankangoti wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Amayi anga akamva phokoso kunyumba ya malume ankayamba kusinja, ngakhale mumtondo mulibe kanthu. Kawiri konse ankhoswe a azakhali anakwera phiri kudzamva madandaulo, ndipo kawiri konse malume anawatengera pabwalo n'kuloza khola. "Ngati pano pali ndewu, izi zikutani pano? Werengani nokha." Ankhoswe ankawerenga, n'kudya maunda okazinga, n'kutsetsereka. Ine zonsezi ndinkaziona mmene mwana amaonera mvula ya kutsidya.

Lamlungu lina mu Julaye malume analandira alendo atatu a kuchipani, ndipo anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, chipanda cha masese chikuzungulira. Atatopa kutama nkhunda, anandiitana kuti ndibweretse zinkhwe za amwenye zija alendo aone. Ndinabwera nako kakhola, ndinagwada, manja osachotsa pa waya. Kapitawo, wokonda anthu uja, anaimba kamluzu kake n'kugwedeza belu, alendo n'kufa nako kuseka. Mmodzi anafunsa chifukwa chake zimakhala zotsekeredwa ngati akaidi. Malume anati umenewo ndi umbuli wa amwenye ndi ana, mbalame iliyonse ikadya pakhomo masabata awiri yadziwa kwawo, ndipo izi zadya miyezi iwiri yathunthu.

"Malume, izi si nkhunda," ndinatero, maso ali pansi. "Zikatuluka sizibwerera. Zinalembedwa m'buku."

"Iwe, ine ndinayamba kuweta mbalame amayi ako asanamere mano. Buku linawetapo chiyani?"

Anakankha dzanja langa n'kugwira kawaya kamene ndinkamangira chitseko. Ndikuzionabe zala zija, zonenepa, zonyowa ndi mowa, zikupotokola waya pang'onopang'ono kuti alendo aone bwino. Kapitawo anatsika, anaima pakhomo, tsumba lili njo. Mwina akanabwerera mkati. Koma mlendo wina anawomba m'manja, ndipo ine ndinangomva mphepo pa tsaya. Kapitawo anakwera molunjika, kupitirira khola la nkhunda, kupitirira mabulugamu, akulira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Ndinatseka khomo ndi chikhatho Namasaya ali pafupi kutuluka, ndipo anandiluma chala mpaka magazi. Chipsera chake chilipo. Malume anangoti abwera madzulo njala ikamuwawa, n'kupempha chipanda.

Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa anali malume, wodya phula n'kukhala mbalame yanga. Madzulo anafika, nkhunda zonse makumi atatu ndi zinayi zinatsika, wanga ayi. M'mawa mwake sindinalowe m'kalasi. Aphunzitsi atamva anandiuza kuti ndisenze kakhola ndiziyenda nako, chifukwa ngati pali mawu amene angamubweze ndi a mkazi wake. Ndinazungulira minda ya mbatatesi, madimba, ngakhale m'mphepete mwa manda, kabelu kali m'manja, Namasaya akukuwa pamutu panga mpaka mawu kusasa. Tsiku lachiwiri cha kumasana kunamveka yankho limodzi kuchokera m'mabulugamu a kumsewu, kamluzu kanga kaja, kutali kwambiri. Ndinathamanga osamva minga, koma nditafika mitengo inali zii. Tsiku lachitatu kunagwa chiperoni, kamvula kozizira kolowa m'mafupa. Mbalame yobadwira m'kakhola, yosadziwa kumene madzi amapezeka, yosadziwa kuti kabawi ndi chiyani, mapeto ake sindinafunikire buku kuti lindiuze.

Malume sanapepese. Akanangonena mawu amodzi, bwenzi nkhani ino itathera pomwepa. M'malo mwake, atandipeza ndikulira pakhonde, anati mbalame yosadziwa kwawo ndi chitsiru, ndipo ndiwathokoze pondichepetsera ntchito. Anaonjeza kuti tsiku lina adzatsekuliranso yotsalayo, tione ngati ili ndi nzeru kuposa mwamuna wake. Ndinayang'ana amayi. Amayi anayang'ana pansi. Titalowa m'nyumba anandigwira phewa n'kundikumbutsa za munda, za baji, ndi zoti mwana sakalipira malume ake. "Meza, mwananga," anatero. Ndinameza, koma chinangoima pakhosi.

Namasaya anasiya kudya. Ankakhala pakona atafufuma, akuyang'ana pamene pankatera mnzake, ndipo anayamba kudzizula nthenga za pachifuwa. Chitseko ndinachimanga ndi mawaya atatu. Ndinakakunkha ngala za mawere m'minda yokololedwa, chifukwa aphunzitsi anati mbalame yosweka mtima imayamba kutola za pangala isanabwerere kumbale. Ndinkakhala naye nthawi yaitali, ngala ili m'manja, ndikuimba kamluzu ka Kapitawo ndi milomo yong'ambika. Tsiku lachisanu anatola njere imodzi, kenaka ina. Ndinasangalala, inde, koma chisangalalo chimenecho sichinazimitse kanthu. Pamene iye ankasenda njere yakeyo, pabwalo malume anali akugogoda mbale n'kumawerenga.

Ndinalumbira chamumtima kuti tsiku lina adzaima pabwalo pomwepo, mbale ili m'manja, khosi lili m'mwamba, kumwambako kulibe kanthu. Sindinafune kupha nkhunda. Za mapeyala ndinaganizapo, sindibisa, koma nkhunda yakufa amangoiotcha n'kunamizira matenda. Ine ndinkafuna zichoke zamoyo, ziuluke zokha, kuti malume alawe chimene ndinalawa ine, kuitana chinthu chako chili moyo icho osabwera. Ndipo njira ndinali nayo kale. Kabuku kaja kanali katandiphunzitsa zonse zimene mbalame imafuna kuti ikhazikike: madzi oyera, chakudya chabwino, malo opanda choopsa. Chimene chinatsala chinali kungotembenuza.

Sukulu itatsekera mu Ogasiti ndinayamba ntchito. Malume ankachoka m'mawa pa njinga kupita ku Boma, amayi ankapita kukachapa kunyumba za makalaliki, azakhali kuchitsime kapena kudimba. Bwalo likangokhala zii ndinkakhuthula phale limene nkhunda zinkamwera n'kuthiramo dothi. Ndinkakwera makwerero, kuchotsa mazira m'zisa n'kukawakwirira kudzala. Pa mulu wa miyala wa m'munda ndinapeza khungu limene njoka inafundula, lalitali kuposa mkono wanga, ndipo ndinaliduladula n'kulisomeka m'makona a khola momwe diso la munthu silifika. Kawiri ndinakwera ndi mphaka wa oyandikana nawo m'thumba, n'kumusiya anunkhize mkati monse nkhunda zili kokadya, kenaka n'kutsika naye mikono yanga ili yokalikakalika.

Kuthamangitsa kokha sikukwanira, mbalame imafuna kolowera. Kutsidya kwa mtsinje kunali bambo wina wokonza njinga amene anali ndi kakhola ka nkhunda zochepa. Mawere amene ndinkakunkhira Namasaya ndinayamba kuwagawa pawiri. Theka ndinkalisakaniza ndi kamchere koba kwa amayi, mchere womwewo woletsedwa kwa kokatiyo koma umene nkhunda zimaufera, n'kumamwaza pa thanthwe la kumtsinje, mawa lake patsogolo pang'ono, mkuja kutsidya. Nkhunda za malume zinali zisanalawepo mawere, zinkadziwa chimanga ndi kuwerengedwa basi. Pasanathe masabata awiri ndinaziona zitatera pa denga la wokonza njinga ngati zinaswedwera pomwepo.

Chimodzi chinkandidabwitsa. Kudzaza phale lija inali ntchito ya azakhali, ndipo kale sankaphonya. Tsopano ndikalikhuthula m'mawa linkakhala louma tsiku lonse, n'kudzadzazidwa belu la njinga ya malume likamveka kumsewu. Ine ndinkangoti ndi mwayi wanga.

Tsiku lina ndili pamwamba pa makwerero, mutu uli m'khola, mazira awiri ali m'manja, ndinamva chidebe chikutulidwa pansi. Nditacheuka ndinaona azakhali, mpango utatsikira mbali imodzi kubisa diso lotupa. Makwerero anayamba kugwedera. Ndinadziwa kuti zanga zada: madzulo malume amva, munda upita, amayi andimaliza. Azakhali anayang'ana mazira, anayang'ana kumsewu, kenaka anabwera n'kugwira makwerero ndi manja onse awiri.

"Mwendo uwu wa makwerero ndi wofumbwa," anatero motsitsa. "Usamakwere wekha."

Nditatsika anasenza chidebe chawo n'kulowa kukhitchini, ndipo za mazira sanafunsepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma kuyambira pamenepo ndikangoyandikira khola ankapezeka pafupi, akusesa pamene asesa kale, ndipo ndikaponda thabwa loyamba tsache linkagona pansi, iwo n'kugwira makwerero.

Chiwerengero cha madzulo chinayamba kutsika. Makumi atatu. Makumi awiri ndi zisanu. Khumi ndi ziwiri. Malume anasiya kuwerenga mokweza. Anasintha udzu wa denga, anagula mapira, anapita kwa sing'anga n'kubwerako ndi mizu yokwirira pa mizati. Anthu a pamsika, aja ovula chipewa, anayamba kufunsa mwaulemu wonse kuti nkhunda zadzuka bwanji kunyumba. Kukatenga za kutsidya zija malume sakanatha, chifukwa kutero kunali kuvomera pamaso pa anthu kuti zinawathawa. Madzulo ena mu Seputembala, dzuwa litafiira ndi utsi wa lupsa, anaima pabwalo n'kugogoda mbale. Anagogoda, anagogodanso. Kunatsika ziwiri zokalamba, zinatolako pang'ono, n'kunyamuka kulowera kumtsinje iwo akuona.

Ine ndinali pakhonde pathu, Namasaya ali pambali panga akusenda mawere. Ndinaona khosi lija lili m'mwamba, mbale itapendekeka, chimanga chikutayikira pa nsapato. Ndinatulutsa kabelu m'thumba la diresi n'kukaliza pang'onopang'ono, katatu. Malume anatembenuka. Ndinagwada bwinobwino monga mwana woleredwa.

"Zibwera, malume. Njala ikaziwawa."

Amayi anandikokera m'nyumba ndi khutu n'kundithyolera kamtengo ka pichesi pamiyendo, koma ndikuuzeni zoona, sindinalawepo chinthu chokoma ngati madzulo amenewo. Ndakalamba tsopano, ndimavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, ndipo ndayesapo kangapo kuwamvera chisoni malume. Chisonicho sichibwera, ndipo ndinasiya kuchiitana.

Chimene chimandiluma n'china. Malume sanaganizepo kuti kamwana kangachite zotere, ndipo kuyankha kwanga kuja anangokuona ngati mwano. Mlandu wonse anaukankhira kwa azakhali, ati pakamwa pawo ndi pamene pathamangitsa nkhunda, ndipo sabata imeneyo amayi anasinja mtondo wopanda kanthu masiku atatu otsatizana. Azakhali ankadziwa dzina loti atchule kuti dzanja liwachoke. Sanalitchule. Tsiku lachinayi anatumiza uthenga kuchigwa kudzera kwa mayi wina wogulitsa nsomba zouma.

Ankhoswe anakwera phiri kachitatu, ndipo ulendo uno anabwera ndi mlongo wawo wa azakhali, bambo wamtali wosaseka. Anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi womwe uja. Malume anayamba monga mwa masiku onse, ati mkaziyu ndi wabodza, pakhomo pano ndi pa mtendere, dzanja n'kunyamuka lokha kuloza pakati pa bwalo. Linaima m'malere. Khola linali pomwepo, la udzu watsopano, lili zii. Mkulu wa ankhoswe, amene kawiri konse anadyapo maunda pakhomopo, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Paja munkati tiziwerenga tokha," anatero. "Tawerenga."

Azakhali anamanga katundu tsiku lomwelo, sutikesi ya malata, mapoto awiri ndi mkeka. Mpango anaumangira kumbuyo, nkhope yonse ili poyera, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione kuti anali ndi kampata pakati pa mano a kutsogolo. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, podziwa kuti zibakera za sabata ija zinali zanga. Anandipeza komweko. Anandipatsa kamfundo ka nsalu kolemera, mkati muli mawere opetapeta, n'kunena kuti ndi a Namasaya, ndisamaiwale kuuzira mbale. Kenaka anatsetsereka ndi abale awo osacheuka.

Namasaya anakhala nafe mpaka ndinapita kusekondale, nthenga za pachifuwa zitameranso, ndipo chitseko chake sichinakhudzidwenso ndi dzanja lina koma langa. Khola la malume linagwa lokha ndi chiswe. Koma madzulo a tsiku limene azakhali anachoka ndinakhala pakhonde, kamfundo kaja kali pamiyendo, mutu utaima. Ndinali nditawakwiririra kudzala mazira amene akanaswa maunda oti adye, nditawabweretsera zibakera, nditawathetsera banja, iwo n'kundipatsa mphatso. Ndinafunsa amayi chifukwa chake. Amayi anangotenga musi n'kukauimika kuseri kwa chitseko, ati ndidzamva ndikadzakula. Ndiye ndinadzipezera yankho langa la mwana wa Sitandade 5, ndipo ndinakhala nalo zaka zambiri: kuti azakhali ankagwira makwerero aja poopa kuti ndingagwe.